Khanda la ku Chipoka ndi ulendo wa maselo m'matumbo

Lolemba m'mawa, ndisanamalize kuona odwala m'wodi ya ana muno ku Salima, anamwino anandiitanira khanda lalimuna la masiku anayi lochokera cha ku Chipoka. Mimba inali itatupa ngati ng'oma, linkasanza zobiriwira, ndipo chibadwire linali lisanachite chimbudzi chakuda choyamba chija, chimene ana ambiri amachita pasanathe maola 48. Tinaliika diripu ndi kachubu ka m'mphuno kuti mimba iphwe, ndipo mumtima ndinkakayikira kale matenda a Hirschsprung, omwe amachititsa kuti chimbudzi chisadutse m'matumbo.

Agogo ake anandikokera pambali nati, "Adokotala, kodi si tsempho limeneli?" Funsolo linkaloza mpongozi wawo, yemwe anali duu, maso pansi. N'chifukwa chake ndinakhala nawo pa benchi nthawi yaitali kuposa mmene ntchito ya tsikulo ikanalolera.

"Agogo," ndinatero, "vutoli linayamba pakati pasanaonekere n'komwe, ndipo mayiwa sanalakwe chilichonse." Ndinawauza kuti matumbo ali ndi mitsempha yawoyawo yonyamula mauthenga, osati magazi, imene imawachititsa kufinya ndi kumasuka kuti chakudya chiyende, koma maselo opanga mitsemphayi sayambira m'matumbomo. Ambiri amanyamuka cha kukhosi kwa mluza, n'kuyenda kuchokera kum'mero mpaka kumapeto kwa thumbo lalikulu m'masabata 12 oyambirira a pakati. Samangoyenda chisawawa ayi. Khoma la matumbo limatulutsa puloteni yotchedwa GDNF, ndipo maselowo amaimva kudzera mwa ina ya pakhungu pawo yotchedwa RET, n'kumailondola monga usipa umalondolera nyali ya asodzi usiku. Akachepa kapena akaima panjira, chigawo chomaliza chimakhala chopanda mitsempha, chimangokhala chofinyika, ndipo chimbudzi chimaunjikana kumtunda. Amenewa ndiwo matenda a Hirschsprung, ndipo amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 5,000, makamaka aamuna.

Lachiwiri tinamutumiza pa ambulansi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amadula kachidutswa ka thumbo n'kukapima, ndipo matendawa akatsimikizika amachotsa chigawo chopanda mitsemphacho n'kulumikiza chabwinocho.

Lachinayi kunabwera msodzi wa ku Senga Bay amene anasokedwa mtsempha wonyamula mauthenga wa padzanja miyezi itatu yapitayo, akudandaula kuti zala zidakali dzanzi. Ndinayeza ndi rula kuchokera pachipsera mpaka kunsonga ya chala, ndipo tinawerengera limodzi, pakuti mtsempha woduka umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku. Kunsonga kwake kumakhala kamutu kofufuza njira, kamene wasayansi wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, anakafotokoza mu 1890. Mwa mluza kamutu komweka kamamvera mapuloteni oitana ngati netrin ndi oingitsa ngati Slit, ndipo chimandigometsa mpaka lero n'chakuti ulusi wosaoneka ndi maso umapeza chala chake.

Lachisanu bambo a khanda lija anafika kudzatenga katundu wotsala m'wodi. Ndinawafunsa ngati akufuna ndiwafotokozere za matendawo, koma anati agogo anali atawauza kale za usipa ndi nyali.