Ulendo wa ku Liwonde ndi nkhani ya bank ija

Anzanga a kalabu yathu ya aphunzitsi a Chingerezi, ndati ndilembe ndisanaiwale poti pagulupu aliyense akufotokoza zakezake.

Tinanyamuka pa Ntcheu 7 koloko m'malo mwa 5, chifukwa chake mukuchidziwa, a Msungichuma anabwerera kukatenga envelopu ya ndalama. Titadutsa pa Balaka anzathu otilandira anatumiza uthenga pa WhatsApp kuti tikumane pa bank. Basitu minibasi kufika pa Liwonde a Tcheya anatitsitsa pakhomo pa banki ya ndalama, tinaima pamenepo ola lathunthu dzuwa la kumeneko likutiphika, mlonda kumatiyang'ana ngati tikufuna kuthyola, pomwe eni ake anali atayala mphasa m'mbali mwa Shire pafupi ndi baraji akutidikira. Bank ya mtsinje abale! Aphunzitsi a Chingerezi 14 osaganizirako ngakhale mmodzi. A Tcheya mpaka lero akuti olakwa ndi amene analemba uthengawo, ine ndiye ayi, tinaphonya tokha, ulendo wake unali wokaphunzira kaphunzitsidwe ka mawu osokoneza ngati omwewa.

Maphunziro anayenda bwino. Anatiwonetsa mmene amasiyanitsira mawu omveka mofanana koma olembedwa mosiyana monga meat ndi meet, flour ndi flower, kenako olembedwa mofanana koma katchulidwe kosiyana, monga wind ya mphepo ndi wind yopinda chingwe. Iwo amayamba ndi mawu athu oti mtengo, wa mango ndi wa pamsika, mwana akagwira pamenepo za Chingerezizo sizimuvutanso, ndipo salola mwana kuloweza liwu palokha, lizikhala m'chiganizo.

Ndiye nkhomaliro. Nsima ya chambo, koma mitu inalipo 13 ife 14, mkangano unabuka pompo. Madamu athu a sitandade 8 anati iwo ndi weak ayenera kupatsidwa mutu, a Sekilitale n'kuyankha kuti adikire week yamawa, anthu kuseka mpaka wina kutsamwa ndi munga. Mutuwo anadya a dalaivala mkangano uli mkati.

Zikomo anzathu a ku Liwonde potilandira ngakhale tinakudikiritsani, zikomo amayi amene munaphika, zikomonso a dalaivala ngakhale nkhani ya mutu sinathe. A Msungichuma chenji ija tikuidikira Lachisanu. Ndipo a Tcheya, dzina loti a Bank lakhala basi, musavutike kukana.