Kusambitsa nankafumbwe asanajambulidwe

Zithunzi za anankafumbwe zimene ndinkafuna kujambula zatheka tsopano, mtima wakhala pansi. Aliyense amene waziona akumayamba ndi kufunsa za kamera, koma kamera yanga ndi yakale, lenzi yake ndi ya 28mm imene ndimaitembenuza chakumbuyo n'kuilumikiza pa machubu otalikitsa. Ntchito yeniyeni yagona pa kutsuka. Kachilombo kakakhala kauve, ngakhale mutabwereka kamera ya mamiliyoni, mujambula fumbi basi.

Ndinkafuna zithunzi zoti alimi a m'makalabu athu azisiyanitsa adani awiri a m'nkhokwe. Woyamba ndi nankafumbwe wathu wamasiku onse, Sitophilus zeamais, wa kachitamba kutsogolo ndi timadontho tinayi tofiirira pamapiko. Wachiwiri ndi uja wankhanza, Prostephanus truncatus, amene kwawo ndi ku Mexico ndi Central America. Anatulukira ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kuno ku Malawi n'kudzaoneka cha mu 1991 kudzera kumpoto. Ameneyu mutu amaubisa kunsi, kumbuyo kwake n'kodukiza, ndipo saopa makaka ngakhale mitengo ya nkhokwe imene. Onse awiri kutalika kwawo ndi mamilimita 3 kapena 4, ndiye ndi maso mlimi amangoti nankafumbwe ndi nankafumbwe. Vuto kwa wojambula ndi lakuti onsewa amaboola njere n'kumakhala mu ufa wake, ndipo mukawatola amakhala atatuwa mbuu. Mukakulitsa kanayi, ufa umene simumauona uja umaoneka ngati miyala ya kwale yothiridwa pamsewu, utadzaza kadzenje kalikonse ka pamsana.

Kupha n'kosavuta. Aikeni m'kabotolo kagalasi, mutsogoze kapepala pansi koti kaziyamwa chinyezi, mutseke n'kuika mufiriza masiku awiri. Usiku umodzi sukwana, tizilomboti n'tolimba mtima, ena amadzuka ali kale pansi pa lenzi n'kuyamba kugwedeza mwendo. Magetsi akazima nthawi yaitali, muyambirenso kuwerenga. Musatole amene afa ndi Actellic, amakhala atapakika mankhwala thupi lonse, miyendo itakwinyika.

Tsono pa spiriti ndi pamene ndinaonera zakuda. Mukatha kutsuka ndi madzi pamafunika mowa wa m'labu, ethanol wopanda chosakaniza, woti uchotse madzi otsala kachilombo kaume msanga popanda mawanga. Kufamase anandipatsa methylated, uja wapepo. Ameneyo ayi, utoto wake umatsalira m'mfundo za miyendo. Kenako anatulutsa surgical spirit amvekere, "Ndi yemweyo bambo, ngakhale achipatala amagwiritsa yemweyu." Ndinawerenga pachikalata cha botolo: muli castor oil. Pabala mafutawo alibe vuto, koma pa kachilombo amasiya utoto wonyezimira umene umakoka fumbi lililonse lodutsa. Werengani botolo musanatulutse ndalama.

Anandilozera kusitolo ina yogulitsa zipangizo za m'malabu, kutsidya kwa tauni. Kumeneko mayi wapakauntala anati sagulitsa kwa munthu wamba popanda kalata ya bungwe yofotokoza ntchito yake. Za kalatazo sindikudandaula, tonse tikudziwa kuti ena ethanol amamusandutsa chakumwa. Ndinabwera nayo, chidindo chili mbee. Akuti dikirani koteshoni, olemba ake ali pamsonkhano. Ndinakhala pabenchi mpaka msana kuwawa. Koteshoni itatuluka, ya botolo la malita 2.5, pamene ine ndikufuna wosakwana ndi kapu yomwe. Timabotolo ting'onoting'ono alibe, kupungula salola. Ndinavomera poganiza kuti ndidzagawana ndi anzanga a kusukulu ya sekondale. Ndalama salandira pamanja, mukalipire kubanki mubwere ndi kasilipi. Ndinayenda dzuwa lili paliwombo, n'kukaima pamzere wa mwezi ukatha. Pobwerera, a kusitolo apita kukadya, makiyi apita nawo. Atafika, akutokosa m'mano, anangoyang'ana pepala langa n'kunena kuti, "Aaa, ameneyutu anatha kalekale bwana, tikudikira lole ya ku Joni."

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti pa anthu onse amene anagwira pepala langa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka pampando kukasuzumira pashelefu, chikhalirecho shelefuyo ili kuseri kwa chitseko chimodzi. Mumamutuma bwanji munthu kubanki kukalipira katundu amene mulibe? Tsiku lonse linapita, ndalama ya minibasi inapita, ndipo kuti andibwezere ndalama yanga anafunanso kalata ina, ya chidindo china. Mukapita malo oterewa, nenani kuti, "Ndionetseni botolo kaye." Musasaine kanthu, musapite kubanki, musanaone botolo ndi maso anu.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wokonza mafoni mumsika. Anthu amenewa amatsukira mabodi a foni ndi spiriti wina wotchedwa isopropyl, wa 99%, ndipo pa ntchito yathuyi amagwira chimodzimodzi ndi ethanol. Ndinamufotokozera, iye n'kuseka amvekere, "Akulu, nankafumbwe mukumusambitsa kuti apite kuti?" koma anandipungulira m'kabotolo pamtengo wachifundo. Ena mwa iwo amatsukira thina wa penti, ndiye funsitsani, muone chikalata cha botolo, chifukwa thina si woyenera. Mnyamata yemweyo ali ndi kamakina ka ultrasonic, kabafa konjenjemeretsa madzi kotsukira mafoni ogwa m'madzi. Chimene ndinachisowa m'maofesi a makapeti ndinachipeza pakabenchi ka malata.

Kutsuka kwake kumayenda chonchi. Madzi ofunda, osati otentha, m'kasosala koyera, ndi kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Kamodzi kokha, thovu likachuluka kachilombo kamasowa. Popanda sopo nankafumbwe amangoyandama, madzi osamugwira n'komwe. Musiyeni amire kwa mphindi 10 kuti ufa ufewe. Kenako tengani kabulashi ka ojambula zithunzi za penti, ka nambala 000, muzisesa kuchokera kumutu kupita kumbuyo, motsata mmene timaubweya tagonera. Ine ndimayang'anira pa lenzi ya 50mm yotembenuza, imene imakulitsa bwino kuposa magalasi ogula mumsewu. Mukamasesa mumaona kautsi koyera kakutuluka m'timaenje, msana umene unali wotuwa n'kuyamba kuda bii, timadontho tofiirira tija n'kutulukira kamodzikamodzi. Povuta ndi patsinde pa chitamba, pamene pali kangalande kopindiramo tinyanga. Ufa umaumbika mmenemo gwa, bulashi siifika. Ndimatenga tsitsi limodzi lolimba la bulashi yopentera nyumba, kulimata kukamtengo ka machesi, n'kumatokosa nalo pang'onopang'ono. Singano ayi, imakala chikopa ndipo mkalowo umaoneka pachithunzi.

Prostephanus ndiye wovutitsitsa, pakuti kutsogolo kwa msana wake kuli timano tambirimbiri ndipo ufa umabisala kuseri kwa kalikonse. Ameneyu ndinapita naye kukamakina kaja. Ndinamuika m'kabotolo ka madzi asopo, kabotoloko n'kukaviika m'bafa, masekondi 30, kutulutsa, kuyang'ana, kubwereza ngati pakufunika. Musamusiyemo nthawi yaitali poganiza kuti ayera kwambiri, tinyanga timathothoka, ndipo timibulu titatu ta kunsonga kwa kanyanga ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene mlangizi akufuna kuloza.

Mukatero tsukuluzani kawiri. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amasiya timchere toyera akauma, ndiye gwiritsani madzi a batire, aja ogulitsa m'masitolo a zipangizo za galimoto. Madzi, osati asidi. Kenako mviikeni mu isopropyl kwa mphindi imodzi kapena ziwiri basi, chifukwa akakhalitsamo amauma gwa, miyendo n'kumathyoka mukangoikhudza. Muvuuleni, muike papepala lopukutira magalasi. Thonje ndi tishu ndi adani, kaulusi kamodzi kakakola pa chikhadabo mutaya theka la ola mukukachotsa. Ndipo akangouma, vindikirani ndi tambula yagalasi nthawi yomweyo. Vindikirani. Mwezi wa Okutobala, fumbi la mumsewu silichedwa kulowa pazenera, mukangopita kukamwa madzi mupeza ntchito yonse yabwerera pambuyo.

Ndikumbukirenso za firiza ija: mukatulutsa kabotolo musatsegule pompo. Kasiyeni kafunde kaye, apo ayi mame amagwera pa tizilombo n'kuumba ufa uja kukhala phala louma, lovuta kuchotsa kuposa poyamba. Ndipo ngati tizilombo tanu mwatitola takufa kale, touma, musayambe n'kutsuka. Muyambe mwatifewetsa. Tengani kontena yotseka bwino, pansi muyale pepala lonyowa, mudonthezepo Dettol pang'ono kuti pasamere chuku, tizilomboto muike pakachivindikiro ka botolo kuti tisakhudze madzi. Tating'ono chonchi tsiku limodzi timafewa, zikumbu zazikulu zimafuna awiri kapena atatu. Muzisuzumira tsiku lililonse, makamaka nyengo ya mvula, chifukwa chuku chikangomera m'mfundo palibenso chochita, n'kutaya.

Nankafumbwe sabayidwa ndi phini, ndi wochepa kwambiri. Ndimadula kapepala kolimba kosongoka, kansongako n'kukapinda pang'ono, kudonthezapo guluu wa matabwa wochepetsetsa, n'kumata kunthiti ya kumanja chakunsi. Mbali ya kumanzere ndi msana zimakhala poyera. Guluu akachuluka amakwera m'miyendo n'kumawala. Miyendo ndi tinyanga muzikonze akadali wofewa, ndi katsitsi komwe kaja, mutambasule kanyanga kachoke m'ngalande mwake kuti chigongono chake chioneke. Apa m'pofunika kupuma pang'onopang'ono, mpweya wa m'mphuno wokha umatha kumuulutsa. Mukamaliza, vindikiraninso, aume usiku wonse. Zikumbu zazikulu ndiye zimabayidwa, paphiko lolimba la kumanja, ndi mapini a tizilombo a nambala 2 kapena 3. Mapini a telala amachita dzimbiri.

Popeza ndinali nditayamba kale, ndinayesanso tizilombo tina, ndipo si tonse timasamba mofanana. Gulugufe ndi njenjete musazinyowetse n'komwe, mtundu wawo uli m'timamba timene timachoka ndi madzi. Kungopemerera ndi kapampu kopukutira kamera, basi. Njuchi imasamba, koma ikauma yokha ubweya umamatana n'kuoneka yomvetsa chisoni. Njira yake ndi ya Sam Droege wa ku labu ya njuchi ya USGS, bungwe la kafukufuku la boma la America, ku Maryland, amene zithunzi zake za njuchi zadziwika dziko lonse: kutsuka ndi sopo, kenako kuumitsa ndi mphepo mpaka ubweya utaimanso. Ine ndimaika njuchi m'kabotolo, pakamwa n'kumanga kachidutswa ka neti ya udzudzu yosanyikidwa m'mankhwala, n'kupemerera ndi choumitsira tsitsi pa mphepo yozizira, njuchiyo ikugubuduzika mkatimo. Ntchentche ndi tombolombo ndi za changu, maso awo amazilala ndi kuphwa pakangopita masiku ochepa, choncho muzijambula tsiku lomwelo. Zikumbu zonenepa zimatulutsa mafuta pakapita nthawi, msana n'kuda ndi kunyezimira. Zimenezo zimafuna acetone, amene ndinamupeza kusaluni yokonza zikhadabo, weniweni, osati wochotsera penti wa zikhadabo wa fungo la maluwa, pakuti ameneyo alinso ndi mafuta. Acetone muike m'galasi, amasungunula kapulasitiki ndi thovu loyera lolongedzera katundu, ndipo mukhale naye kutali ndi mbaula.

Chifukwa chimene ndikulimbikira chonchi pa ukhondo chili m'kajambulidwe kake. Mukakulitsa kanayi kapena kasanu, gawo limene limaoneka bwino pa chithunzi chimodzi ndi lopyapyala, cha m'ma 0.05 mm. Ndiye mumajambula zithunzi makumimakumi, mukusuntha kamera pang'onopang'ono, kenako pulogalamu monga Zerene Stacker kapena Helicon Focus imatola zooneka bwino pa chilichonse n'kuziphatikiza. Pulogalamuyo sidziwa kuti ichi n'chitsotso, ichi ndi kachilombo. Chilichonse chakuthwa imachisunga, ndipo kambewu ka ufa, poti n'koyera pa msana wakuda, kamawala mpaka kuchita nkhungu mozungulira. Kufufuta pa kompyuta kumatheka pa kachitsotso kamodzi kapena tiwiri. Tikakhala mazana, mumayamba kufufuta timaenje teniteni, ndipo chithunzi chotero sichingaphunzitse munthu, chifukwa timaenjeto ndi mbali ya zimene akatswiri amayang'ana. Musanayambe mndandanda wonse, jambulani chimodzi, muchikulitse pa sikirini, muone ngati palibe kaulusi. Kuwala ndimakufewetsa ndi kapu yoyera ya yogati yodula pansi, yovundikira kachilomboko, ndipo imathandizanso kutchinga fumbi pamene mukujambula.

Mukamaliza musataye tizilombo tanu, mwavutika nato kale, ndipo mlangizi angafune chithunzi cha mbali ina. Ine ndimasunga m'kabokosi kotseka bwino, momwe ndaikamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, totola m'mabokosi a nsapato ndi mpira umodzi wa mankhwala othamangitsa njenjete wokhomerera pakona kuti usagubuduzike n'kuthyola miyendo. Pansi pa kachilombo kalikonse pakhale kapepala ka malo ndi tsiku limene munakatola, kolemba ndi pensulo. Bokosilo lisakhale pansi kapena kukhudza khoma, nyerere zikalipeza usiku umodzi wokha zimasiya timapepala ndi guluu basi. Langa lili patebulo limene miyendo yake ndaiika m'zitini za madzi, ndipo silica gel ndimamuwamba padzuwa kamodzi pamwezi mvula ikayamba.