Sabata ino mu labu: makobidi a Nero

Lolemba a ku myuziyamu anatibweretsera makobidi akale a Aroma aja amati denarius, ena a nthawi ya mfumu Augustus ena a mfumu Nero, kuti tione muli siliva wochuluka bwanji. Poyamba timangowayika pa makina a XRF, oyeza zitsulo zomwe zili mu chinthu pogwiritsa ntchito X-ray, ndye onse anaonetsa siliva wopitilira 90 peresenti. Bwana atawona anangoseka, akuti makinawo amangonyambita pamwamba basi.

Ndipo nzoona. Ku Roma kuja asanadinde kobidi amaliwotcha kaye kenako nkuliviika mu zinthu zowawasa ngati viniga, mkuwa wa pamwamba umadyeka nkutsala siliva yekhayekha kunja, mkatimo muli zina. Katswiri wa makobidi akale David Walker anayeza ambirimbiri m'ma 1970 ndi XRF yomweyi, manambala ake anatuluka okwera, mpaka akatswiri ena, Kevin Butcher ndi Matthew Ponting, atayamba kubowola makobidi nkuyeza zamkati ndipomwe zinadziwika.

Ndye Lachitatu kunali kubowola. Apa mpomwe mtima umagunda aise, kadirilo kake nkowonda kosafika milimita imodzi, umalowetsa m'mbali mwa kobidi osati pa nkhope ya mfumu ayi, tizinyenyeswa toyamba umataya chifukwa ndi tapamwamba tomwe tija, kenako umatola tamkati nkusungunula mu asidi. Mayi wa ku myuziyamu anaima kumbuyo kwanga nthawi yonseyo manja atagwira kukamwa, sindikuwanena, chinthu cha zaka pafupifupi 2000 munthu nkumachibowola ukuona.

Zotsatira zinabwera Lachinayi madzulo. Za Augustus zili bhobho, siliva pafupifupi yense. Za Nero zosulidwa kuyambira 64 AD, chaka chomwe Roma inapsa, zatsika kufika cha m'ma 80, kwinako mkuwa. Ndipo makobidiwo anawachepetsanso kulemera kwake, kuba kawiri kumeneko. Pofika nthawi ya mfumu Septimius Severus siliva anali atatsala theka, chakumapeto kwa m'ma 260 AD kobidi lina lotchedwa antoninianus linali la mkuwa basi longopakidwa siliva, wosafika ndi 5 peresenti yomwe.

Lachisanu linathera pa kompyuta, kulemba lipoti ndi kujambula kabowo kalikonse pa maikulosikopu poti eni ake amafuna umboni woti sitinaononge. Sabata ya mawa tiyeza mtovu wotsalira mu silivayo kuti tione ngati anachokera ku migodi ya ku Spain, Rio Tinto kaya Cartagena, bola makina asavute.