Ife a Galimoto za Mawaya

Pa Facebook wina akangoika chithunzi cha mpira wachikulunga, ndemanga zimachuluka kuposa za ndale. Sindidabwa nazo. Tinakulira ku Kasungu kuno kulibe kanema. Wailesi ya kanema ya Television Malawi (TVM) inayamba mu 1999, ndipo kumudzi kwathu inafika mochedwa zedi. Madzulo tinkazungulira wailesi ya agogo, mabatire atayanikidwa padzuwa tsiku lonse kuti abwerere mphamvu. Atsikana ankasewera fulaye ndi phada, ife tili kuseri kwa chigafa cha fodya kupinda mawaya kupanga galimoto, matayala ake tizitini ta polishi.

Lero oimba achinyamata akukonzanso nyimbo za nthawi ija, ndipo ndimawayamikira ndi mtima wonse. Paukwati ndi zomwezo zimene zimadzutsa ngakhale azakhali pampando, chitenje atamangira m'chiuno.