Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makande a kudambo ndi hanger yothyoka

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka amayi aja a ku Katete amene anati mwana wawo wayamba kupalasa m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ndi achimwene a ku Lundazi amene akhala akundikumbutsa kuti ndinalonjeza kufotokoza za mpikisano wa njinga wa m'dzinja uja. Pali wina amene analemba kuti tsiku limenelo ndinakwera galimoto ya Canter n'kudzatsikira pafupi ndi pothera. Bodza limeneli layenda zaka zambiri muno mu Chipata, ndipo lero ndiliyankha. Koma kuti mumvetse, ndiyenera kufotokoza bwino za njinga, chifukwa kuno kwathu wopalasa amagonja kawirikawiri miyendo idakali ndi mphamvu, njinga itamukana.

Mukukumbukira kuti panthawiyi ndinali nditasiya kunyamula anthu pa njinga ya Eagle ya amalume, ndipo ndinali ndi njinga ya salaula ija: felemu ya aluminiyamu, shoko kutsogolo kokha, matayala a mainchesi 26, magiya atatu kutsogolo ndi 9 kumbuyo. Anzathu ochokera ku Lusaka anabwera ndi za mainchesi 29, zimene zimadutsa pamiyala mosagwedezeka kwambiri. Mpikisanowo sunali wozungulira bwalo laling'ono kangapo ngati uja wa ku Olympics, umene unayamba mu 1996 ku Atlanta. Unali wa marathon, umene pa malamulo a UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, umayambira pa makilomita 60. Pa mpikisano wotere umakhala wekha patchire nthawi yaitali, ndipo chikawonongeka palibe makaniko woti akuthandize.

Tinathamanga patangopita masabata ochepa chichitikireni Nc'wala ku Mtenguleni, mvula isanathe. Amene munapalasako kuseri kwa mapiri a Chipata mukudziwa kuti dothi lake lili mitundu itatu. Katondo wofiira akanyowa amaterera koma samamatira kwambiri. Mchenga wa m'mitsinje ndi bwino ukanyowa, chifukwa umalimba. Choopsa ndi makande, dothi lakuda la kudambo. Limamatira pa tayala, n'kuunjikana pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo limatola udzu ndi timitengo n'kuzilowetsa m'tcheni. Walira mvula walira matope. Ife tinkasangalala kuti kulibe fumbi ndi dzuwa la October, koma makande anali kutidikira.

Madzulo oti mawa mpikisano, amalume anatenga njinga ija n'kuipachika pa mtengo wa mango ndi chingwe. Iwo anaphunzira kuluka magudumu ku fakitale ya Luangwa Industries, kumene kunkapangidwa njinga za Eagle, ndipo sankakhulupirira maso okha. Sipoko iliyonse ankaikhudza ndi chala ngati akuyimba, n'kumvetsera: ikalira motsika kusiyana ndi zinzake za mbali yomweyo, yakhwefuka, ndipo ankaimanga kota ya kuzungulira kumodzi, osapitirira. Tcheni ankayeza ndi rula. Mukaika chiyambi cha rula pakati pa pini imodzi, pa mainchesi 12 payenera kugwera ndendende pakati pa pini ina. Ikapitirira ndi 1.5 mm, tcheni yatha, sinthani. Ikafika 3 mm, yadya kale mano a magiya akumbuyo, ndipo tcheni yatsopano idzangolumphalumpha. Mapadi a mabuleki akatsala ochepera 1 mm musalowe nawo mpikisano wa m'matope, chifukwa matope ndi mchenga zimawadya tsiku limodzi. Pomaliza anaima kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana ngati timagudumu tiwiri ta derailleur, chida chosuntha tcheni posintha magiya akumbuyo, tili molunjika pansi pa giya. Tinali molunjika. Ndikunena izi chifukwa ena anafalitsa kuti ndinapita ndi njinga yowonongeka kale.

Za mpweya wa m'matayala mwafunsa ambiri. Ndi chubu, munthu wa makilogalamu pafupifupi 70 asatsike pansi pa 30 psi (muyeso wa mpweya umene umaoneka pa pampu), chifukwa tayala likagunda mwala limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Osapopanso mpaka kulimba gwa ngati mmene timachitira ponyamula matumba a makala. Tayala lotero limadumpha pamiyala ndipo siligwira potsika phiri. Amene muli ndi matayala opanda chubu mungatsike kufika 22 mpaka 26 psi, bola muthiremo madzi omata mabowo okwana 90 ml pa tayala lililonse. Madziwo amauma msanga m'nyengo yotentha, choncho muziwaona miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Minga ya mthethe ndi imene inandichititsa kusiya machubu patapita nthawi.

Poyambira panali pamsewu wotakata, koma posakhalitsa tonse tinalowa m'kanjira ka pakati pa minda ya chimanga. Apo m'pamene wina anandigunda ndi gudumu lake lakutsogolo kumanja kwa njinga yanga. Sindinagwe. Magiya anayamba kulira pang'ono, koma ankalowa.

Tsopano mvetsani bwino. Derailleur siimangidwa pa felemu mwachindunji. Pakati pake pali kachitsulo kofewa ka aluminiyamu kotchedwa hanger, kamene anakapanga dala kuti pakachitika ngozi kapindike kapena kuthyoka m'malo mwa felemu. Kakapindikira mkati ngakhale pang'ono, derailleur imayandikira masipoko. Pa magiya olemera simuona vuto. Mukangolowa giya yaikulu kwambiri yakumbuyo, yokwerera phiri, m'pamene imakodwa. Onjezani makande ndi udzu wokulungana pa timagudumu tija, ndiye kuti tcheni ikukoka derailleur m'malo modutsamo. Chizindikiro chake n'chakuti pedulo imalemera mwadzidzidzi popanda chifukwa. Zikatero lekani kupalasa nthawi yomweyo, tsikani, palani matope ndi kamtengo, chotsani udzu ndi zala. Ndipo kudambo la makande musakankhe njinga, chifukwa gudumu likamazungulira limatolabe dothi. Inyamuleni paphewa.

Dambo ndinaliwoloka nditainyamula, ndinapala matope, n'kukweranso. Pachitunda chotulukira kudamboko ndinali pagulu la kutsogolo, ndikuona misana ya anyamata a ku Lusaka. Ndinalowa giya yopepuka. Ndinangomva kuti thyo! Gudumu lakumbuyo linauma, ndipo nditacheuka derailleur inali italowa m'masipoko, ikulendewera pa waya wake, hanger itaduka pakati. Pamene panadukapo pankawala mbee pakati pa matope akuda. Ndinakhala pansi. Ndinkamva kulira kwa matcheni a anzanga akundidutsa mmodzimmodzi, ena akufunsa kuti zili bwanji koma osaima, ndipo sindiwaimba mlandu chifukwa ndi mmene mpikisano ulili. Manja ankanjenjemera moti chida chodulira tcheni chinagwera m'matope kawiri. Ndinkangoganiza za amalume, amene ndi chifuwa chawo chija anakwera njinga kupita pothera kukandidikira, ndi za mbuzi imene mayi a kunyumba analola kuti tigulitse kuti ndilipire kulembetsa ndi kugula matayala.

Chimene mungachite pamenepo ndi kusandutsa njinga kukhala ya giya imodzi. Dulani tcheni, muichotse mu derailleur. Masulani waya, derailleur muiike m'thumba, wayawo muumange pa felemu kuti usalowe m'gudumu. Sipoko yothyoka ikulungeni pa inzake. Kenako ikani tcheni pa giya yapakati kutsogolo ndi ina yapakati kumbuyo, pamene tcheni ikuyenda mowongoka, muifupikitse kuti ikhale yokoka bwino, n'kulumikiza. Vuto lake ndi ili: mano a magiya akumbuyo anawasema kuti tcheni izikwera mosavuta. Ikakhala yokhwefuka imagwera ku giya yaing'ono n'kumavuka. Ikakwera yokha ku giya yaikulu imakokeka mopitirira, ndipo mukaponda mwamphamvu imaduka kapena kuwononga mabering'i a habu, pakati pa gudumu. Choncho pondani mofatsa, ndipo pachitunda tsikani muyende. Amene muli ndi shoko yakumbuyo muitseke kaye, chifukwa ikamapindika mtunda wa tcheni umasintha.

Yanga inayenda bwino ndithu mpaka pa kamtsinje kena, pamene inakwera giya n'kuduka. Pini yolumikizira ndinalibenso ina. Kuchokera pamenepo ndinkathamanga ndikukankha, potsetsereka n'kukwera kuti izingoyenda yokha.

Mnyamata wina wa m'mudzi anandipatsa njinga yake ya Buffalo kuti ndimalizire. Ndinakana, ndipo ena mpaka lero amati kunali kunyada. Ayi. Lamulo limati mungasinthe gudumu, tcheni, chishalo, chilichonse, koma felemu ayi, ndipo muyenera kumaliza ndi nambala imene munayamba nayo pa handulo. Limatinso mukachoka m'njira, mubwerere pamene munachokera. Ndikanakwera Buffalo ija, ndikanachotsedwa mwachilungamo.

Nditafika pa malo omaliza olembera manambala, panalibe munthu. Panali mwala umene wolembayo ankakhalapo ndi makoko a nzimbe. Anali atanyamuka, poganiza kuti onse adutsa. Pothera ndinapeza akupinda kale nsalu ndi kukweza mipando m'galimoto. Ndinapempha kuti alembe nthawi yanga, koma anati nambala yanga sikuoneka pa pepala la malo omaliza aja, ndiye anandilemba kuti sindinamalize. Canter imene inkatola otsalira inafika pambuyo panga pang'ono, ndipo bodza lija linabadwira pamenepo. Inu amene munaliyambitsa mukudzidziwa, munali m'Canter momwemo, ndipo mukudziwa kuti munalibe ine. Sindikutchulani dzina. Ndingoti munandipweteka kwambiri kuposa makande.

Amalume anali chikhalire pansi pa mtengo, chipewa chili pabondo. Ndinalephera kuwayang'ana. Ndinati, "Amalume, pepani, mwadikira pachabe." Iwo sanayankhe zimenezo. Anagwira akakolo anga n'kuona mmene nsapato zinang'ambikira ndi matuza amene anaphulika, n'kunena kuti, "Mphwanga, amene wakwera galimoto sakhala ndi mapazi otere. Bweretsa kachitsulo kaja." Ndinawapatsa zidutswa ziwiri zija. Anazilumikiza pachikhatho, akutsokomola, n'kuziika m'thumba la shati. Tinabwerera kunyumba wapansi, iwo akukankha Eagle, ine ndikukankha yanga, mdima n'kutipeza tisanafike kumsewu waukulu.

Panthawiyo hanger ya felemu yanga sinkapezeka mu Chipata monse, pakuti pafupifupi felemu iliyonse ili ndi mtundu wakewake. Amalume anapeza chidutswa cha aluminiyamu chokhuthala mofanana, anajambulapo zidutswa zija ndi msomali, anadula ndi sowo ya zitsulo, n'kukhala pa benchi yawo ku Kapata akupala ndi fayilo masiku angapo. Bowo la derailleur linafunika mazinga a M10 x 1, osiyana ndi a mabawuti wamba a 10 mm, ndipo chida chodulira mazingawo anachita kubwereka. Anapanga ziwiri, imodzi ya pa njinga, ina ya m'thumba. Sanaone ndikuthamanga nazo. Chifuwa chija chinawatenga mvula yotsatira isanagwe, ndipo za maliro awo ndinalemba kale m'gawo 4, sindibwereza. Panapita zaka ndisanabwererenso kudambo lija.

Masiku ano zinthu zapepukako. Mu 2019 kampani ya SRAM inatulutsa hanger yotchedwa UDH imene imakwana pa mafelemu ambiri atsopano, koma njinga zathu za salaula zambiri n'zakale, choncho vulani yanu, muijambule pa foni, muitanitse yofanana nayo mpikisano usanayandikire. Muyese kuimanga kunyumba kaye kuti muone ngati ikukwana. Pamodzi nayo nyamulani ma allen key, makamaka ya 5 mm imene imamasula derailleur zambiri, chida chodulira tcheni, ma quick link (tizitsulo tolumikizira tcheni) awiri olingana ndi kuchuluka kwa magiya anu, chifukwa ya magiya 9 siigwira pa tcheni ya 11, chubu ngakhale matayala anu ali opanda chubu, pampu, ndi timawaya tomangira. M'dzinja thirani mafuta a tcheni okhuthala amene sachoka ndi madzi. M'chilimwe opepuka, chifukwa okhuthala amatola fumbi. Madzi imwani 500 mpaka 750 ml pa ola, botolo limodzi likhale la ORS kapena lothira kamchere ndi shuga, ndipo muzidya kanthu ola lisanathe: nthochi ziwiri, kapena mbatata yophika. Nsima idyeni madzulo, osati poyambira.

Kwa okonza mipikisano amene mumawerenga kuno, pempho langa n'lakuti wolemba manambala asachoke pamalo pake mpaka galimoto yotola otsalira itamudutsa, ndipo galimotoyo izilemba mayina a onse amene yanyamula. Gawo likubwerali ndifotokoza za mlamu wanga, ngongole ya njinga ya mainchesi 29, ndi mmene tinasiyanirana panjira ya ku Chadiza.