Zikomo kwa onse amene munagwirapo: gulu lathu loyamba la mafizo a khansa lamaliza masabata 12

Gulu loyamba la amayi ndi abambo amene adutsa m'chithandizo cha khansa lamaliza masabata ake 12 a mafizo. Ife a gawo la mafizo taona kuti zikomo wapakamwa uja wa tsiku lotsekera sanakwane. Talemba poyera kuti aliyense adziwe chenicheni chimene tikumuthokozera, ndiponso kuti anzathu a m'zipatala zina amene akufuna kuyambitsa ntchito yotereyi atolepo zowathandiza.

Poyamba ndinu eni ake, amayi ndi abambo. Ambiri mwa inu munali kuuzidwa kunyumba kuti mugone, musagwire kanthu, thupi lipume. Amene ankanenawo ankakufunirani zabwino, koma kutopa kwa khansa sikutha ndi tulo. Munthu akagona masabata, minofu ya m'ntchafu ndi m'matako imasungunuka, mtima umazolowera ulesi, ndipo ulendo wa kuchimbudzi umasanduka phiri. Akatopa choncho amagonanso, n'kuwonjezera kufooka. Inu munavomera kudzuka thupi likukana, ndipo munavomeranso chinthu china chovuta kuposa pamenepo, kuyamba ndi zochepa zooneka ngati zachibwana. Bambo amene anazolowera kusenza thumba la makilogalamu 50 kumupatsa botolo la madzi la theka la lita sichapafupi. Zikomo potilolera.

Mafizo amenewa ali ndi mlingo ngati mankhwala, ndipo mlingowo sitinaupeke tokha. M'chaka cha 2019 bungwe la American College of Sports Medicine linasonkhanitsa umboni wa kafukufuku n'kunena kuti kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga mphindi 30 katatu pa sabata, kwa masabata 8 mpaka 12, kumachepetsa kutopa ndi nkhawa ndiponso kumabwezera mphamvu zogwirira ntchito. Pamenepa n'kuwonjezapo kunyamula zolemera kawiri pa sabata: kunyamula ka 8 mpaka ka 15, kupuma, n'kubwerezanso. Kumeneko ndi kofikira. Poyambira pake ambiri ndi mphindi 5 kapena 10, kuwonjeza mphindi ziwiri kapena zitatu sabata iliyonse. Liwiro loyenera timaliyeza ndi pakamwa: ngati mukutha kucheza koma simungathe kuimba nyimbo, muli pabwino. Mawu akayamba kuduka pakati pa chiganizo, chepetsani. Ndipo ngati kutacha mwadzuka otopa kuposa dzulo lake, ndiye kuti mlingo unapyola, tibwerere pa wa sabata yatha.

Tsopano kwa inu ophunzira athu, amene munabwera kudzaphunzira ntchito pogwira. Digiri ya mafizo inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 2010 ku College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mpaka pano a mafizo ndi ochepa poyerekeza ndi odwala. Popanda manja anu, munthu aliyense sakanakhala ndi womuyang'anira wakewake. Masabata awiri oyamba munangoonerera ndi kulemba, ena mwa inu monyinyirika, tinaona. Kenako munayamba kuyeza ife tili pambali. Munayeza mtunda umene munthu akuyenda pa mphindi 6 m'khonde la mamita 30, osamukoka kapena kuyenda patsogolo pake, chifukwa ukatsogola amatsata liwiro lako osati lake. Munawerenga kuti akudzuka kangati pampando pa masekondi 30 manja atapingasa pachifuwa, mpando womwewo nthawi zonse, wotsamiritsa kukhoma. Mpando ukasintha msinkhu, manambala a sabata yoyamba ndi a sabata ya 12 sayerekezekanso.

Koma chimene tikukuthokozerani kwambiri ndi masiku amene munanena kuti lero ayi. Wophunzira amafuna kuoneka kuti wagwira ntchito, ndiye kubweza munthu amene walipira kabaza kuti afike kumafuna mtima wolimba. Munaphunzira kutsegula buku la kuchipatala musanakhudze mphira yokokera kapena botolo lonyamula. Kutentha thupi kwa madigiri 38 kapena kuposa mwa munthu amene ali pa kemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa) si nkhani ya panado, akaonane ndi dokotala tsiku lomwelo, ayezedwe malungo ndi magazi omwe, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirire mankhwala, pamene maselo oyera a m'magazi, amene amalimbana ndi matenda, amakhala atatsikitsitsa. Hb, muyeso woonetsa ngati magazi achepa m'thupi, ikakhala pansi pa 8, palibe kuyenda mwandawala. Mapuleteleti, tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane pabala, akatsika pansi pa 50,000, palibe kunyamula zolemera kapena chilichonse chimene chingamugwetse munthu, chifukwa magazi akayamba kutuluka amavuta kusiya. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa, osasisita, osawongola, mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo khansa yeniyeniyo ndi mankhwala monga tamoxifen zimachulukitsa vuto limeneli. Msana wopweteka usiku kapena potsokomola, miyendo n'kumalemera, mkodzo n'kumakanika kapena kungotuluka wokha, imeneyo ndi ngozi ya maola ochepa, chifukwa khansa ikafika m'mafupa a msana imatha kupanikiza mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umene umadutsa mumsana, munthu n'kupuwala. Zonsezi munazifunsa tsiku lililonse, ngakhale kwa anthu amene munazolowerana nawo mpaka kumakutchani ana awo.

Munaphunziranso kuti dzina la mankhwala limasintha mafizo. Doxorubicin, uja wofiira, amatha kufooketsa mtima ngakhale patapita zaka, ndiye wefuwefu pogona chagada ndi kutupa kwa akakolo onse awiri sizodikira. Bleomycin amavulaza mapapo, chizindikiro chake chifuwa chouma ndi befu wachilendo. Vincristine ndi paclitaxel, amene ambiri a khansa ya Kaposi amalandira, amabweretsa dzanzi kumapazi ndi kuzala. Munthu wadzanzi samva kamwala m'nsapato ndipo sadziwa bwino pamene phazi laponda, ndiye sayenda wopanda nsapato kapena ndi patapata, amayang'ana kuphazi kwake madzulo aliwonse, ndipo zoimirira ndi mwendo umodzi amachitira pafupi ndi khoma, masekondi 10 poyamba mpaka adzafike 30.

Nkhani ya mkono tiikhalirepo pang'ono, chifukwa ndi imene amayi ochitidwa opaleshoni ya bere amaopa kwambiri. Anabele a m'khwapa akachotsedwa, madzi a m'thupi sayenda bwino ndipo mkono umatha kutupa. Kale amayi ankauzidwa kuti mkono umenewo asanyamulire chilichonse moyo wawo wonse. M'chaka cha 2009 Kathryn Schmitz ndi anzake ku University of Pennsylvania anatulutsa zotsatira za amayi 141 amene anali kale ndi kutupako. Mwa amene ankanyamula zolemera kawiri pa sabata, kuyamba ndi zopepuka n'kumawonjeza pang'onopang'ono atavala chothina cha pamkono, 14 mwa 100 aliwonse ndi amene kutupa kunawabukira, pamene mwa amene sankanyamula anali 29 mwa 100. Choopsa si kunyamula ayi, koma kulumpha masitepe, mkono umene wakhala miyezi osagwira ntchito n'kudzaukweza ndowa ya malita 20 tsiku limodzi. Ndowa imeneyo ndi makilogalamu 20. N'chifukwa chake timayamba ndi botolo la theka la lita, kenako la lita imodzi, ndipo sitiwonjeza mpaka munthu atachita bwino maulendo awiri kapena atatu popanda kusintha kwa mkono. Akajomba sabata yathunthu, amabwerera pa botolo locheperapo. Lamuloli anthu salikonda, koma ndi limene limateteza mkono.

Poyeza mkono timagwiritsa ntchito tepi ya telala pamalo anayi: pachikhatho, povala wotchi, masentimita 10 pansi pa chigongono ndi masentimita 10 pamwamba pake, mikono yonse iwiri. Kusiyana kwa masentimita 2 kapena kuposa pamalo amodzi n'koyenera kukauza woyang'anira. Zolakwika zake n'zodziwika: kukoka tepi mpaka kulowa m'khungu, kuyeza m'mawa sabata ino ndi masana sabata yamawa, ndi kuiwala kuti mkono umene munthu amagwiritsa ntchito kwambiri umakhala wokulirapo mwachibadwa. Mkono ukafiira, kutentha, munthu n'kumanjenjemera, amenewo ndi matenda a pakhungu ofunika mankhwala msanga, mafizo ayambe aima. Phewa nalo limauma mkazi akamalisunga ngati dzira. Paipi yotulutsa madzi pabala isanachotsedwe, mkono sukwera kupyola msinkhu wa phewa. Ikachotsedwa ndipo dokotala wa opaleshoni wavomera, ndi pamene timayamba kukwera khoma ndi zala, ka 10, katatu pa tsiku. Amene akupita ku radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, amafunika kugona mkono uli pamwamba pa mutu, ndiye phewa louma limachedwetsa chithandizo chenichenicho.

Anamwino a kuwodi ya khansa ndi a ku labotale, zikomo potulutsa zotsatira za magazi mofulumira ndi polemba mayina a mankhwala momveka m'mabuku. Madokotala ndi ma clinical officer, zikomo potiuza pamene khansa yafika m'fupa ndi fupa lake liti. Popanda mawu amenewo tikanapatsa munthu katundu pamalo pamene pangathyoke.

Magadiyani, inu munali ndi ntchito yovuta ya kusiya kuthandiza. Kuona mayi ako akuvutika kudzuka pamkeka iwe n'kungoima pafupi manja ali okonzeka, osawakoka, kumapweteka mumtima. Munatero, ndipo mphamvu za m'miyendo zinachokera pamenepo. Amene mukusamalira odwala khansa ya kummero, munamvetsa kuti munthu amene akutsika sikelo sabata ndi sabata sawonjezeredwa mafizo asanawonjezeredwe chakudya, ndipo munaphika phala la likuni lothira nsinjiro, mazira ndi mkaka, pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Amene achibale anu anang'ambidwa pamimba, munawaletsa khasu ndi musi kwa masabata 6 mpaka 8, kuti chophukacho chisatuluke pabala. Abambo amene munakhala pansi n'kumvetsera nkhani ya khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi khansa yofala kwambiri pakati pa amayi m'Malawi muno, tikukupatsani ulemu wapadera. Kudontha kwa mkodzo ndi kuwawa pokhala malo amodzi pambuyo pa chithandizo ndi zinthu zimene mabanja ambiri amangozisunga mumtima. Mafizo ake ndi kufinya minofu yapansi ngati ukugwira mkodzo, masekondi 5, kumasula masekondi 5, ka 10, katatu pa tsiku, osagwira mpweya ndiponso osafinya matako kapena ntchafu. Zotsatira zimayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndiye bambo wodekha ndi mbali ya chithandizocho.

Sitiiwala akalipentala amene anatikhomera masitepe a masentimita 15, okonza njinga amene anatisungira machubu akale kuti tidule mphira zokokera, ndi mpingo umene unatibwereka mabenchi. Mphira za chubu zimagwira ntchito bwino, bola kuziyang'ana ming'alu musanakoke, chifukwa ikaduka imamenya kumaso.

Mawu amodzi kwa onse owerenga, kuti wina asamve molakwa. M'chaka cha 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa CHALLENGE, wa anthu 889 a khansa ya m'matumbo aakulu, ambiri a ku Canada ndi Australia. Amene anayang'aniridwa pa masewera olimbitsa thupi kwa zaka zitatu, 80 mwa 100 anali opanda khansa patatha zaka 5, pamene mwa amene anangopatsidwa timabuku ta malangizo anali 74. Nkhani yabwino kwambiri imeneyo, koma anthu onsewo anali atachitidwa kale opaleshoni ndi kulandira kemo. Mafizo salowa m'malo mwa chithandizo. Amene angakuuzeni kuti siyani kemo kapena ma ARV muzingothamanga, akukunamizani.

Si onse amene tinayamba nawo anafika kumapeto. Ena ndalama ya minibasi inawathera, ena matenda anabwerera n'kugonekedwanso, ndipo ena anatisiya. Kwa mabanja oferedwa, pepani kwambiri. Zikomo potilola kukhala nawo abale anu m'masabata amenewo, ngakhale pamene mafizo ake anali kungowatembenuza pabedi maola awiri aliwonse ndi kuwaphunzitsa kupuma mozama.

Amayi ndi abambo amene mwamaliza, pepala lanu la kunyumba lili kumapeto kwa buku la kuchipatala. Pitirizani kuyenda katatu pa sabata m'mamawa kapena dzuwa litapepa, mutanyamula madzi akumwa, ndipo mabotolo ndi mphira kawiri pa sabata, kusiya tsiku limodzi pakati. Pakatha miyezi itatu mubwere tidzayezenso mtunda wa mphindi 6, mpando ndi mikono. Amene mukufuna kulowa gulu lachiwiri, pemphani dokotala wanu akulembereni kalata yonena mtundu wa khansa, mankhwala amene mwalandira ndi ngati mafupa akhudzidwa. Mubwere ndi zotsatira za magazi zaposachedwa, nsapato zotseka zala, ndi gadiyani mmodzi amene azikhala nanu kunyumba.

Ndife a gawo la mafizo, pamodzi ndi oyang'anira ophunzira.