Khofi wa Apongozi

Ine ndi khofi tili pa pangano lakuti ndizimumwa kapu imodzi yokha m'mawa, wakuda, wopanda shuga, ndiponso limodzi ndi chakudya. Kapamba wanga anasiya kupanga insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, ndili mnyamata, motero moyo wanga uli pa jakisoni, ndipo m'mawa ndi pamene shuga wa m'magazi amachita mwano kwambiri. Kukatsala pang'ono kucha, thupi limatulutsa mahomoni monga cortisol, amene amauza chiwindi kuti chimasule shuga amene chinasunga. Kwa anzathu a kapamba wamoyo insulini imatuluka yokha n'kumubweza, koma kwa ife manambala amakwera tisanalawe kanthu. Kuwonjezera apo, kafeini wa mu khofi amautsa mahomoni ena otchedwa adrenaline, ndipo kwa anthu ena, ine ndili m'gulu lomwelo, amakwezanso shuga ngakhale m'kapumo musanagwere kalikonse kotsekemera.

N'chifukwa chake kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, m'mawa wanga umayenda mwa lamulo. Ndimasamba m'manja, ndimabaya chala, ndipo kachipangizo koyezera shuga kamandionetsa 8 kapena 9 mmol/L. Kenako ndimatenga mabotolo awiri a insulini mu mtsuko wa madzi ozizira momwe ndimawabisira kutentha, ina yoyera mbee imene imagwira msanga, ina yambuu imene imagwira pang'onopang'ono. Ndikabaya, pasanathe mphindi 30 ndiyenera kukhala nditadya, chifukwa insulini ikalowa m'thupi siyembekezera munthu.

M'mwezi wa Okutobala apongozi anga anabwera kuchokera ku Domwe atasenza thumba la mbatata ya kachewere, nyemba, ndi botolo lalikulu la uchi. Iwo ndi munthu wa mwambo weniweni. Sitiyang'anana m'maso, sitidyera pamodzi, ndipo mawu onse a pakati pathu amadutsa mwa mwana wanga wamkazi wamng'ono, kazembe wokhulupirika amene sadziwa kunong'ona. Tsiku loyamba apongoziwo, potsuka ziwiya, analawa khofi wotsala m'kapu yanga, ndipo analavula mpaka nkhuku zinabalalika. Anaitanira mkazi wanga kuseri kwa khitchini, kumene ine ndinkamva zonse.

"Mwana iwe, mwamuna wa eni ake ukum'mwetsa madzi a nimu m'nyumba mwake momwe? Abale ake akamva adzati sindinakulange."

Mkazi wanga anafotokoza modekha kuti shuga ndi amene amandivuta. Apongozi anavomera ndi mutu, ndipo tonse tinaganiza kuti nkhani yatha, osadziwa kuti iwo anali ataweruza kale mumtima kuti uchi si shuga, popeza sunadutse ku fakitale ndipo amaupanga ndi njuchi za Mulungu.

M'mawa mwake ndinayeza, ndinapeza 9, ndinabaya insulini, ndipo ndinakhala pampando pansi pa mtengo wa mango kudikira buledi amene mnyamata wa pafupi anapita kukagula kumsika. Ndinangoona kazembe akubwera ndi kapu m'manja awiri, n'kugwada.

"Ababa, agogo akuti mumwe, aphika okha."

Kapuyo inali yomata kuyambira pachogwirira mpaka pansi, ndipo nditangolawa ndinadziwa kuti mmenemo khofi anali mlendo chabe, mwini nyumba anali uchi. Apongozi anali pamphasa chapatali, atandilozetsa msana monga mwa ulemu, koma diso limodzi lili pa ine. Insulini yanga ndinaiyezera buledi ndi dzira, osati uchi wosadziwika kuchuluka kwake pamwamba pa 9 uja. Komabe kubweza chakudya cha apongozi ndi mlandu wofika kwa ankhoswe. Choncho ndinayamba kunyamula kapu kufika nayo kukamwa, kugwedeza mutu ngati ndakhutira, kenako kuitsitsa m'mbali mwa mpando n'kuipendeketsa pang'ono kuti dothi limwe m'malo mwanga. Kapu itatha ndinatumiza mawu othokoza, ndipo mawuwo ndinawakometsera mopitirira muyezo, chifukwa yankho lake linali kapu yachiwiri. Nayonso inapita kumene inapita inzake.

Nyerere za mu Okutobala sizichedwa kumva uthenga. Zinatulukira ku tsinde la mango pamzere, zinazungulira chinyontho chija, ndipo zina zinakwera mwendo wa mpando n'kulowa m'buluku mwanga. Ndinayesetsa kupirira mwaulemu, koma pamapeto pake ndinadzambatuka ndikudzimenya m'ntchafu. Apa m'pamene apongozi anatembenuka n'kuona zinthu zitatu nthawi imodzi: mkamwini akudumpha, dothi lonyowa pansi pa mpando wake, ndi nyerere zitadzaza pamenepo. Kumudzi aliyense amadziwa kuti nyerere zimatsata pamene munthu wodwala shuga wataya madzi, ndipo zimenezi n'zoona ndithu, chifukwa shuga akachuluka m'magazi impso zimamutayira mu mkodzo. Anaitana mdzukulu wawo n'kumunong'oneza, ndipo iye anaima pakati pa bwalo n'kulengeza ndi mawu ofika kwa anansi.

"Ababa, agogo akuti musachite manyazi, ndi matenda, ngakhale akuluakulu amadzikodzera!"

Mkazi wanga anathamangira m'nyumba kukatenga kachipangizo kuti manambala atonthoze anthu. M'chipwirikiti chimenecho palibe anaganiza za madzi ndi sopo. Ndinabaya chala, ndinaika dontho, ndipo pagalasi panatuluka zilembo ziwiri, HI. Pa zipangizo zambiri zimenezi zimatanthauza kuti shuga wapitirira 33.3 mmol/L, kapena kuti 600 mg/dL, pamene kachipangizo kamalekera kuwerenga. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge insulini ina, koma mkazi wanga analanda jakisoni n'kumuponya m'chikwama chake.

"Abambo, munthu amene anali pa 9 posachedwapa sangafike pamenepa. Simubaya chilichonse mpaka achipatala aone."

Tinaitana akabaza awiri a njinga zamoto. Ine ndi mkazi wanga tinakwera imodzi, apongozi ndi kazembe inayo, ndipo apongoziwo anali atamanga kanthu kena m'chitenje n'kukakumbatira pachifuwa. Pachipata tinadutsana ndi mnyamata wa buledi uja, amene anangoima kukamwa kuli yasa.

Kuchipatala tinapeza mzere, ndipo tili pabenchi insulini yoyera ija inafika pachimake cha ntchito yake m'mimba mopanda kanthu. Thukuta linayamba kutsika, manja ankanjenjemera, mtima unkagunda mofulumira, ndipo ndinkamva njala yoti ndikanadya khadi langa lachipatala. Zizindikiro zimenezi ndimazidziwa bwino kuti ndi za shuga wotsika, koma zilembo ziwiri zija zinali zitandisokoneza mutu, ndiponso shuga akatsika nzeru nazo zimatsika. Apongozi ankandikupiza ndi mpango atayang'ana kukhoma, akuuza odwala ena kuti shuga wa mkamwini wawo wafika poitana nyerere.

Anamwino anationa n'kutilowetsa msanga. Atagwira dzanja langa kuti abaye, chala chawo chinamatirira ku changa. Anachinunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mwagwira chiyani m'mawa uno?"

Sindinayankhe, popeza apongozi anali ataima pakhomo. Anamwino ananditengera pampopi, anandisambitsa ndi sopo, anapukuta chala mpaka kuuma, ndipo anayezanso. Panatuluka 3.4. Anafotokoza kuti uchi uli ndi shuga wa mtundu womwewo umene kachipangizo kamafufuza m'magazi, kotero kuti chala chomata uchi, kapena madzi a mango ndi zipatso zina, chimanamiza kachipangizo. Anati chilichonse chotsika kupitirira 3.9 n'changozi, ndipo ndikanabaya insulini ina ija akanandilandira nditakomoka. Kenako anakweza mawu kufunsa ngati pali amene ali ndi chotsekemera pafupi, chifukwa pankafunika magalamu 15 a shuga nthawi yomweyo.

Apongozi anamasula chitenje mosafulumira, n'kutulutsa fulasiki. Anamwino atafunsa kuti muli chiyani, anayankha kudzera mwa mdzukulu wawo, ngakhale anamwino si mkamwini wawo, kuti muli khofi wa uchi, masupuni aakulu atatu pa kapu iliyonse. Anamwino anawerengera kuti supuni yaikulu imodzi ya uchi ikukwanira, ndipo anandithirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu. Ndinamwa pamaso pa onse, popanda dothi londithandiza. Patapita mphindi 15 anayezanso n'kupeza 5.6, ndipo analamula kuti ndidye buledi ndisanachoke, kuopa kuti shuga angatsikenso.

Zinthu zikanathera pomwepo zikanakhala bwino, koma anamwino, pofuna kulemba zonse molondola, anafunsa za kudzikodzera kumene anamva pabenchi. Kazembe anakweza dzanja monga amachitira kusukulu.

"Sanadzikodzere ayi. Ndinawaona akuthira khofi wa agogo pansi, makapu onse awiri."

M'chipindamo munangoti zii. Anamwino anaweramira m'kaundula mapewa akugwedezeka, ndipo mkazi wanga anayamba kuwerenga chikalata cha katemera chimene chinali pakhoma. Apongozi anatseka fulasiki, anaimanganso m'chitenje, n'kuitana mdzukulu wawo.

"Uwauze abambo ako kuti khofi amene anamwetsa nyerere ndi yemweyo wawadzutsa."

Mlandu unakambidwa madzulo a tsiku lomwelo, malume a mkazi wanga ali pa foni kuchokera ku Domwe. Chigamulo chinali chakuti khofi wanga wa m'mawa akhalebe wowawa, kabotolo ka uchi kazikhala m'thumba langa pa ulendo uliwonse, ndipo makapu awiri otayidwa aja ndilipire nkhuku. Apongozi anasankha okha tambala wamkulu pa onse, ndipo ndamva kuti ku Domwe akuuza anthu kuti chipatala cha ku Ulongwe chinavomereza khofi wawo.